Za Muyeso wa Ceza Cociza

Ndifuna kukuuzani zimene ndinaphunzira poperekeza atsibweni anga ku cipatala. Pakuti ngakhale ndaphunzitsa ana masamu zaka zambiri, sindinadziwe kuti moyo wa munthu ungathe kutsamira pa ciwerengero.

Atsibweni angawo akhala ku Kawale. Anayamba kubvutika potaya madzi, nadzuka kawiri kawiri usiku, koma anabisa cifukwa ca manyazi. Potsiriza madotolo anayesa mwazi wao, natapako kanyama pang'ono, napeza khansa ya prostate, ndiko kaciwalo ka amuna kokhala pansi pa cikhodzodzo, kozinga njira ya mkodzo. Anati aciritsidwe ndi ceza camphamvu coturuka m'makina, kumene anthu akucha kuocha.

Kale odwala otere anali kutumizidwa kutali, ku India kapena ku Tanzania, ndipo ena anatsirizika akali kudikira ulendo. M'caka ca 2024 makina oyamba anayamba nchito ku Blantyre, ndi m'caka ca 2025 boma linatsegula ace pa Kamuzu Central Hospital, mu Lilongwe muno.

Pakumva kuti adzapita masiku ambiri, atsibweni anati, "Mphwanga, bwanji osangoocha kamodzi, zithe? Ndalama za minibasi ndizipeza kuti?" Ine ndinasowa coyankha, kufikira dotolo anatimasulira. Ceza ciyesedwa ndi muyeso wochedwa gray. Mwa cizolowezi cakale mwamuna alandira magray 74 kufikira 78, awiri pa tsiku, masiku asanu pa sabata, masabata monga 8. M'caka ca 2016 madotolo a ku Britain, atayesa amuna oposa 3,000, anaonetsa kuti magray 60, atatu pa tsiku, m'masiku 20, aciza cimodzimodzi. Muyeso woyenera munthu ausankha ndi dotolo, poona ukulu wa nthenda. Augawa pang'ono pang'ono cifukwa mnofu wabwino udzikonza wokha pakati pa tsiku ndi tsiku, koma khansa ilephera kutero msanga. Mlimi adziwa kuti feteleza wa munda wonse ukathiridwa pa phando limodzi, cimanga cipserera.

Ndinaonanso kusamala kwao. Cikhodzodzo ciri pamwamba pa kaciwaloko, ndi thumbo lotsiriza liri kumbuyo kwace. Cotero anayamba ajambula m'thupi, nalemba timadontho pa khungu, kuti ceza cigwe pamalo pomwepo masiku onse. Atsibweni anali kupita kuseri asanalowe, namwa madzi oyesedwa, nagona osagwedezeka. Anchito aturuka m'cipinda ca makoma ocindikala, nayang'anira wodwala ali kunja, popeza iwo aocha anthu ambiri caka ndi caka, ndipo ceza cikadaunjikana mwa iwo.

Ciyeso cinadza pa sabata lacitatu. Anatsegula m'mimba, mkodzo unawaocha, thupi linalefuka. Tsiku lina madzulo ndinawapeza pa khonde akukankha mdzukulu wao wofuna kukhala pa miyendo pao. Anati, "Mcotseni mwanayu, mwa ine muli moto. Ndipo mawa sindipita, andimaliza anthu aja."

Ndinagona komweko, ndi m'mamawa ndinawadandaulira kuti tikangofunsa. Namwino anawauza kuti ceza ca makinawa sicitsala m'thupi, monga kuwala sikutsala m'nyumba nyali itazimitsidwa. Kuti zowawazo zidziwika, ndipo kwa ambiri zicepa masabata owerengeka atatha kuocha. Koma kuti wodumpha masiku apatsa khansa mpata wophukanso. Dotolo anawapatsa mankhwala a m'mimba. Atsibweni anakhala cete nthawi, nati, "Walira mvula walira matope." Analowa, ndipo anatsiriza masiku ao onse. Mwazi wao auyesabe pa nyengo zoikika, ndi mdzukulu uja wabwerera pa miyendo pao.

Cifukwa cace, inu amuna anzanga, mukaona mkodzo ukubvuta musabise. Kaonaneni ndi dotolo nthenda ikali yaing'ono. Mukalembedwa masiku, musapemphe kuonjeza muyeso, ndipo musaucepse ndi kujomba. Zowawa mukazinene ku cipatala. Inu acibale, sonkhani ya ulendo, mumperekeze wodwala, ndi kumwerengera masiku ace kufikira lotsiriza.