Unyolo pa Matayala: Ulendo Wathu wa ku Murree

Ife obadwira m'mbali mwa nyanja timadziwa ayezi ngati chinthu chogula, chimene amalonda amathira pa chambo kuti chikafike ku Limbe chisanaonongeke. Sitinaganizepo kuti madzi oundana omwewo angakute msewu wonse, galimoto n'kumayenda pamwamba pake. Izi tinakaziona ndi maso athu ku Pakistan, pamene tinali kuchita maphunziro a Chisilamu mumzinda wa Islamabad. Lero tati tikufotokozereni, abale ndi alongo, pakuti zimene tinaphunzira pa ulendowo zikukhudzanso nyumba zathu kuno kumudzi.

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Islamabad, chakumpoto chakum'mawa, pali tawuni ya m'mapiri yotchedwa Murree. Ili pamwamba mamita pafupifupi 2,300, ndiye kuti kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Anaiyambitsa ndi Angelezi m'chaka cha 1851 kuti asilikali awo azithawirako kutentha kwa m'zigwa. M'mwezi wa Januwale, pamene kwathu kuno chimanga chili m'mawondo, kumeneko kumagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa, ndipo anthu a m'mizinda amakhamukirako kukachiona.

Nafenso tinafuna kuchiona. Tinasonkha ndalama ophunzira asanu ndi awiri, n'kuchita hayala minibasi, ndipo tinanyamuka titangoswali Fajr. Dalaivala wathu anali bambo wa ndevu zaimvi, wobadwira m'mapiri momwemo. Kumeneko dalaivala amamutchula kuti ustad, monga momwe timatchulira mphunzitsi wa madrasa. Tinaseka titamva zimenezi, koma pofika madzulo kuseka kunali kutatha.

Titapitirira Bhara Kahu msewu unayamba kukwera, kukhotakhota pakati pa mitengo ya paini. Titakwera ndithu, bambowo anaima pambali, natulutsa thumba la unyolo pansi pa mpando. Msewu unkaoneka wakuda bwinobwino ngati wangonyowa ndi mame, tsono mmodzi wa ife anati, "Bambo, tikuchedwa. Taonani anzathu akungodutsa, chipale chili patsogolo."

Iwo anayankha mofatsa kuti, "Mwana wanga, tsika uponde pamene pali mthunzipo."

Mnzathuyo anatsika, ndipo phazi lachiwiri lisanafike pansi anali atakhala kale pa phula. Usiku madzi anali ataundana pamwamba pa msewu, opyapyala ngati galasi, kotero kuti maso ankangoona phula lokhalokha. Bambowo anatiuza kuti malo oopsa kwambiri ndi amene dzuwa silifikapo ndiponso pa milatho, chifukwa mphepo yozizira imadutsa pansi ndi pamwamba pomwe.

Tinawathandiza kumanga unyolo zala zili gwa ndi chisanu. Unyolowo ndi wolukidwa ngati ukonde. Amauyala pansi, kuukuta pa tayala, n'kuukoweka mkati ndi kunja. Amamanga pa matayala amene injini imazungulitsa: pa minibasi yathu anali akumbuyo, koma pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndi akutsogolo. Titayenda pang'ono anaimanso n'kuukunga, pakuti unyolo wolendewera umatha kudula paipi ya mabuleki. Ntchito yake ndi kuluma ayezi pamene labala ikungotsetsereka. Liwiro siliyenera kupitirira makilomita 50 pa ola, ndipo iwo sanafikeko n'komwe. Pofika pa phula louma unyolo umachotsedwa, kuopa kuononga msewu ndi matayala.

M'maiko ena ozizira amagwiritsa ntchito matayala apadera a nyengo yachisanu. Labala yake imakhalabe yofewa kukazizira kutsika pa madigiri 7, pamene ya matayala wamba imauma, ndipo ali ndi timizere tambirimbiri togwira chipale. Koma munthu wa m'chigwa amene amakwera phiri kamodzi pa chaka sagula matayala otere, n'chifukwa chake unyolo ndiwo umadalirika kumeneko.

Kayendetsedwe ka bambowo kanatidabwitsa. Ponyamuka ankaika giya yachiwiri kuti matayala asangozungulira pamodzimodzi. Potsetsereka ankaika giya yaing'ono kuti injini ndiyo igwire galimoto, phazi likungokhudza buleki pang'onopang'ono. Ankasiya mpata waukulu pakati pa ife ndi galimoto yakutsogolo, chifukwa pa ayezi galimoto imatha kutenga mtunda wochuluka kakhumi isanaime. Pa khona ina tinapeza imodzi mwa magalimoto amene anatidutsa aja itatembenuka, mphuno itaomba chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Kuseri kwa chitsulocho kunali chiphedi. Mayi anali ataima panja atakumbatira ana awiri, onse ali bwino. M'minibasi mwathu munangoti zii.

Murree tinafikadi. Tinayenda mu Mall Road, tinamwa tiyi wa ku Kashmir wofiirira wothira mkaka, ndipo tinaumba timipira tachipale n'kumagendana ngati ana. Koma itangokwana nthawi ya Asr mitambo inada, bambowo nati tizipita. Tinadandaula kuti ndalama tinalipira za tsiku lonse. Iwo anati, "Ndalama ndikubwezerani ngati mukufuna, koma usiku sundipeza paphiri pano ndili ndi ana a eni." Tinakumbuka akuluakulu a kwathu amene amakaniza ngalawa kulowa m'madzi akaona zizindikiro za mwera, ngakhale usipa utachuluka chotani. Tinakwera mosanyinyirika.

Tanthauzo la mau awo tinadzalimvetsa titabwerera kale kuno. Usiku wa pa 7 Januwale 2022 chipale chambiri chinagwa ku Murree, misewu itadzaza ndi magalimoto a alendo. Magalimoto ambirimbiri anatsekeredwa, osapita kutsogolo kapena kumbuyo. Kutacha, asilikali ndi anthu opulumutsa anapeza kuti anthu oposa 20 amwalira, ena mwa iwo ana. Ena anafa ndi chisanu, koma ena anaphedwa ndi mpweya woipa. Pofuna kufunda anatseka mawindo onse n'kusiya injini ikulira, pamene chipale chinali chitatseka paipi yotulutsa utsi. Mpweyawo, umene asayansi amautcha carbon monoxide, ulibe fungo kapena mtundu. Umalowa m'magazi m'malo mwa mpweya wabwino, munthu amamva mutu ndi tulo, akagona sadzukanso.

Kwathu kuno chipale sichigwa, koma mpweya umenewu tili nawo, pakuti ndi womwewo umene umatuluka m'makala oyaka. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba, alipo amene amalowetsa mbaula m'chipinda, kutseka chitseko ndi mawindo, n'kugona ndi ana. Amayi ndi abambo, mbaula ituluke panja musanagone, ndipo mukamaotha m'nyumba zenera likhale lotsegula. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru pafupi ndi mbaula, mutulutseni panja msanga ndipo muthamangire naye kuchipatala.

Ndipo inu achinyamata amene mukupita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito m'maiko ozizira, mukaona mwini dera akuima kuti amange unyolo, musamufulumizitse. Tsikani mumugwirire tochi.