Unzika wa America uli kunja kwa America

Lero ndakumana ndi kandime kena m'malamulo a ku America kamene kandisiya kukamwa kuli yasa: gawo 319(b) la Immigration and Nationality Act ya 1952.

Mwa masiku onse, munthu wa green card amadikira zaka 5 asanapemphe unzika. Akakhala pa banja ndi nzika ya dzikolo, zaka 3, ndipo miyezi 18 mwa zakazo ayenera kuti anali m'dzikomo. Koma mwamuna kapena mkazi wakeyo akatumizidwa kukagwira ntchito kunja kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, kudikira konseko kumafafanizika. Bola womutumayo akhale boma la America, kampani ya kumeneko yochita malonda ndi maiko ena, bungwe la maiko ambiri limene America ndi membala, kapena mpingo wokhazikika ku America.

Inde, mpingo! Ndiye kuti Mmalawi wokwatirana ndi mmishonale wa ku America amene akutumikira konkuno, akangopeza green card, angathe kudzaza fomu ya N-400 yopemphera unzika osawerengera zaka.

Si zaulere ayi. Mayeso a Chingerezi ndi a mbiri ya dzikolo ali pomwepo, kulumbira nkwa ku America komweko, ndipo pakatha masiku 30 mpaka 45 chilumbirireni uyenera kunyamuka kutsatira mnzakoyo, utalonjeza kuti ntchito ikadzatha mudzabwerera ku America.

Chandiwawa nchakuti lamuloli likuyang'ana bwana, osati banja. Nzika ya America yolembedwa ntchito ndi kampani ya ku Japan ku Lilongwe, mkazi wake sakuwerengedwa m'gululi.