Ku Ukwimi, Kumene Mlendo Anasanduka Mbale

Tikacoka pa Petauke kulowera kumpoto, mseu umatifikitsa ku Ukwimi, dziko la minda ndi nkhalango. Kumeneko, m'caka ca 1987, kunatsegulidwa malo osungirako anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Koma oyamba kuwalandira anali anthu wamba a m'midzi ya m'malire, ku Chadiza, Katete ndi Petauke. Iwowa anatapa cimanga m'nkhokwe zosadzaza, napatsa alendo khasu ndi cigawo ca munda, osafunsa za mpingo wao. Umenewo unali ulaliki womveka koposa mau.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi akhristu eni ake a gulu la Sant'Egidio, ndipo pofika 1994 ambiri anabwerera kwao. Minda imene anaswa mphanje inatsalira ana a Zambia.

Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Tsono, abale okondedwa, tisacedwe. M'mphakati mwathu muli mkazi wamasiye, wodwala ndi wobwera amene sanaonebe phazi lathu pakhomo pake. Ambuye Yesu adzatifunsa za iwowa.