Njuchi za m'chumuni ku Ntchisi

Mukachoka ku Lilongwe mwezi wa Seputembala kudzera msewu wa M1, n'kukhotera kum'mawa pa Mponela, mumaona minda youma, fumbi ndi utsi wa lupsa mpaka pa boma la Ntchisi. Koma mukapitirira n'kumakwera chakuphiri, dziko limasintha. Mitengo ya mombo ndi tsamba imakhala itaphukira masamba anthete ofiira, chonsecho mvula sinagwe ndi dontho lomwe. Masambawa akayamba kubiriwira maluwa amatsatira, ndipo njuchi zimachulukana mpaka zina kugawanika kukafuna malo atsopano. Kale zinkapeza mphako m'mitengo ikuluikulu. Lero mitengo yotere inatsala m'nkhalango yotetezedwa ya paphiri ndi kumanda basi. Kwina konseku inatha ndi makala, uvuni wa njerwa ndi zigafa za fodya. Njuchi zikasowa mphako zimabwera kwa anthu.

Ife a gulu la zaumoyo la kumpingo kwathu timapita kumudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalangoyi kukathandiza mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la sikelo ya ana. Kuchokera pa boma timakwera kabaza wa njinga zamoto, njira yake ya zitunda ndi miyala yoti mukafika msana umakhala ukudandaula. Sikelo imachitikira m'nyumba yakale ya njerwa zootcha imene poyamba munkakhala aphunzitsi. Kuno mu Juni ndi Julaye kumazizira zedi, ndiye omanga anaikamo malo osonkhapo moto ndi chumuni. Patapita zaka anthu anatseka malo a motowo ndi njerwa, pamwamba pa chumuni n'kumata simenti chifukwa cha mileme ndi mvula. Osadziwa kuti apangira njuchi mphako yoposa ya mtengo uliwonse: youma, yamdima, yosafikako chiuli. Khomo lake unali mng'alu wa kukhoma la panja, pansi pang'ono pa malata.

Zinakhalamo zaka ziwiri popanda chovuta. Chaka chimenechi ndiye zinachulukana. Tsiku lina ana a sukulu akutchetcha udzu anagenda khomalo, njuchi n'kubalalika. Mbuzi yomangidwa pafupi inafa. Mayi wina wobereka khanda analumidwa kumaso ndi m'manja potchinga mwana wake, mpaka anagona kuchipatala. Mwezi wotsatira, mwa amayi amene amadzadza khonde lonse, anabwera ochepa owerengeka ndi zala. Kwa ife vuto lenileni linali limenelo. Mwana akadumpha katemera wa chikuku kapena akasiya kukwera sikelo, matenda ndi kunyentchera zimabisala mpaka zitafika poipa.

A mfumu anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa kachere. Anyamata anati azitenthe ndi muuni wa udzu usiku, monga amachitira pofula uchi kuthengo. Ena anati agule mankhwala opopera mbewu awathire pamng'alupo. Bambo wina womanga nyumba anati chumuni chingogumulidwa.

Pa maganizo atatuwa, ife amene anatidetsa nkhawa kwambiri ndi a mankhwala, chifukwa ndi amene amaoneka osavuta. Njuchi zikafera m'khoma zimaola n'kumanunkha. Njuchi zamoyo zimasunga kutentha kwa pachisa pa madigiri 35 kapena kucheperako pang'ono, pokupiza mapiko ndi kutunga madzi. Zikafa, kutentha kwa mu Okutobala kumafewetsa zisa, uchi umachucha m'njerwa n'kusasa, ndipo nyerere, mphemvu ndi makoswe zimabwera. Choopsa koposa n'chakuti uchi umenewo umakhala ndi poizoni, ndipo kumudzi kulibe mwana amene angaone uchi ukuchucha pakhoma osanyambita. Za moto sitinachite kulankhula: mitengo ya denga inali youma gwa. Kugumula chumuni kukanatheka, koma khoma lonse la mbali imeneyo likanalowa m'mavuto, ndipo ndalama ya simenti panalibe.

Amene anabweretsa njira ina anali bambo wachikulire wa kalabu ya alimi a njuchi, amene ming'oma yake ili m'malire a nkhalango. Anati njuchi zituluka zokha, ife tingoziikira khomo lotulukira koma losalowera.

"Ndiye Bambo, zimenezi zitenga masiku angati?" anafunsa mayi wina wa komiti ya zaumoyo.

"Milungu 6, Mayi. Zikavuta 8."

Anthu anang'ung'udza. A mfumu anafunsa ngati palibe yachidule.

"Ilipo, mfumu. Koma ndi imene mwaikana ija."

Anagwirizana kuti sikelo isamukire kaye pansi pa kachere, kutali ndi nyumbayo, ndipo ife tizibwera milungu iwiri iliyonse kuti amayi asataye mtima. Anatituma kukagula waya wa gozi, ujeni timaika m'mawindo kutchinga udzudzu uja. Tinamupeza pa Mponela.

Msampha wake ndi wosavuta kupanga. Bambowo anapinda gozi ngati kanyanga, kotambalala kutsinde, kosongoka kunsonga, kutalika kwake pafupifupi masentimita 40. Kunsonga anasiya kabowo ka sentimita imodzi, kokwanira njuchi imodzi kapena ziwiri, ndi zazimuna zomwe, chifukwa zazimuna n'zonenepa ndipo zikakanirira pakabowo zimatsekera zinzake zonse. Tsinde analikhomera pa thabwa loboola pakati, thabwalo n'kulimata pamng'alu ndi dothi losakaniza simenti. Anagwira ntchitoyi mbandakucha kukuzizira, atavala chophimba kumaso, wothandizira akufukiza utsi wa zitsononkho. Ife tinaonerera chapatali, ndipo sitichita manyazi kunena zimenezo.

Chimene chimachititsa kuti msamphawu ugwire ntchito ndi khalidwe la njuchi yomweyo. Ikamatuluka imatsata kuwala, ndiye imayenda m'kanyangamo mpaka kunsonga n'kuuluka. Ikamabwerera imalunjika pamalo enieni pamene imadziwa kuti ndi pakhomo, ndipo fungo la kwawo limatulukira m'timabowo ta gozi kutsinde. Imangozungulira pamenepo, osaganiza zopita kunsonga. Dzuwa litakwera, njuchi zobwera ndi mungu wachikasu m'miyendo zinali zitaunjikana pathabwa, khomalo lili bii.

Apa m'pamene pamafunika nyumba ina. Bambowo anali atakhoma nsanja pafupi ndi tsinde la msampha, mtunda wosakwana mkono, n'kuikapo mng'oma waung'ono wa matabwa, wa timitengo toyala pamwamba. M'kati anaikamo chisa chimodzi chochokera ku ming'oma yake, chokhala ndi mazira ndi tiana tongoswa kumene, pamodzi ndi njuchi zolera zochepa. Njuchi yosowa kolowera ikamva fungo la ana siikana. Imalowa, ndipo popeza yabwera ndi chakudya, eni ake saithamangitsa. Pofika madzulo mulu wa pathabwa uja unali utalowa mumng'oma. Miyendo ya nsanja anaipaka oilo wakutha wa galimoto kuti linthumbu lisakwere.

Chifukwa chake pamatenga nthawi ndi masamu a njuchi. Kuchokera pa dzira mpaka kutuluka m'chisa, njuchi yantchito imatenga masiku 21. Ikatuluka imagwira kaye ntchito za m'nyumba milungu iwiri kapena itatu isanayambe kupita kumaluwa. Ndiye dzira limene mfumukazi inaikira tsiku loika msampha limafika pakhomo patapita milungu 5 kapena 6. Tsiku lililonse zina zimatuluka osabwereranso, chakudya ndi madzi zimasiya kulowa, mfumukazi imachepetsa kuikira, kenako imasiya. Mbali inayi, njuchi za mumng'oma zikaona kuti zilibe mayi zimasankha kamwana kamodzi kapena tingapo n'kukadyetsa mwapadera kuti kakhale mfumukazi. Mfumukazi imatenga masiku 16 okha kuchokera pa dzira.

Titabweranso patatha milungu iwiri tinapeza bambowo ali pamakwerero, nkhope itagwa. Chiwerengero cha pathabwa chinatsika msanga kwambiri, iwo n'kukayika. Atafufuza anapeza kuti njuchi zatulukira kampata kena kuseri kwa chumuni, pamene malata amakumana ndi njerwa. Mpata wosakwana theka la sentimita umazikwanira. Akuti misampha yambiri imalephera pamenepa, osati pakanyanga. Nsanza ndi sopo zimangotafuna, ndiye anatsekapo ndi waya wokwechera mapoto uja, pamwamba n'kumata. Kuyambira pamenepo ankayendera khomalo m'mawa uliwonse.

Tsiku limenelo sikelo itatha anatitengera kunkhalango kukaona ming'oma yake. Mukangolowa pang'ono mumachoka m'mitengo ya mombo n'kufika m'nkhalango yowirira, yozizira, ya mitengo italiitali yolendewera zilambe, anchima akudumpha m'mwamba. Anthu a kuno amasimba kuti makolo awo ankabisala m'menemo pothawa nkhondo za Angoni. Pamalo ena poyera, kunja kukacha bwino, amati mumaona nyanja kutali cha kum'mawa, koma ife utsi wa nyengo ino unatitchinga. M'mphepete munali ming'oma ya mitundu iwiri: yakale ya makungwa, yopachika m'mwamba, ndi yatsopano ya matabwa. Ya makungwa anasiya kupanga, chifukwa kusenda khungwa kuzungulira thunthu kumapha mtengo womwewo umene njuchi zimadyapo.

Milungu yodikirayi inatipatsa mpata wophunzitsa zimene pa sikelo sitinkakamba. Njuchi ikakulumani imasiya mbola ndi kathumba kake kakupopabe ululu, ndiye ichotseni msanga, kaya ndi chikhadabo kaya ndi chilichonse chili pafupi. Chokani pamalopo, chifukwa mbola imatulutsa fungo loitana zinzake. Tsukani ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Kutupa kwa pamalo polumidwa, ngakhale kukhale masiku awiri kapena atatu, sikoopsa. Choopsa ndi kutupa milomo, lilime kapena kukhosi, kubanika, zidzolo thupi lonse, chizungulire kapena kukomoka. Zimenezi zimatha kubwera ndi mbola imodzi yokha, m'mphindi zochepa, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline kuchipatala, osati zitsamba kapena kudikira kuti kuche. Wolumidwa ndi njuchi zambiri, makamaka mwana ndi nkhalamba, apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, pakuti ululu wochuluka umatha kuwononga impso patapita tsiku kapena awiri. Mkodzo wakuda kapena wochepa ndi chizindikiro chake. Zikakuthamangitsani phimbani kumaso, thamangani mulowe m'nyumba. Musadumphire m'madzi, zimakudikirani pamwamba.

Agogo ena anafunsa ngati uchi wa m'chumuni udzagawidwe kuti azikapatsa zidzukulu zikamatsokomola. Tinawayankha kuti kwa mwana wopitirira chaka, kasupuni ka uchi kamathandizadi chifuwa cha usiku. Koma khanda losakwana chaka lisalawe uchi ndi pang'ono pomwe, ngakhale wopaka pamilomo, chifukwa mumatha kukhala tizilombo timene m'mimba mwa khanda timatulutsa poizoni wofoola thupi. Agogowo anapukusa mutu, nati iwo analera ana 9 ndi uchi. Mpongozi wawo ndiye anamvetsera.

Njira imeneyi ili ndi pake poipa, ndipo bambowo sanabise. Mfumukazi yakale kawirikawiri situluka. Imafera m'kati pamodzi ndi zotsalira zochepa, ndi ana amene asowa owalera. Njuchi za kuno ku Africa zimakonda kusamuka zinthu zikavuta, ndiye nthawi zina imatuluka ndi kagulu kake n'kulowera kuthengo. Ya m'chumuni muja palibe anaiona. Ndiponso masiku oyambirira njuchi zosokonezeka zimakhala zaukali, moti aphunzitsi anachita kutchinga njira ya ana ndi minga. Pamene zisa zili pofikirika, monga m'siling'i, ndi bwino wodziwa ntchitoyi angotsegula n'kusamutsa zonse tsiku limodzi, mfumukazi ndi ana omwe. Msampha ndi wa pamene khoma silingagumulidwe.

Mlungu wa 7, m'kanyanga simunadutse njuchi masiku anayi otsatizana. Bambowo anagunda khoma, n'kutsamiritsapo khutu: zii. Anatsegula mng'oma natiitana kuti tisuzumire. Pazisa zitatu panali ana omatidwa bwino, umboni woti mfumukazi yatsopano yayamba kuikira.

Tinkayesa kuti basi amata, koma anachotsa msampha n'kusiya mng'alu pululu, atapakapo uchi pang'ono. Njuchi zomwe zija, zimene tsopano kwawo kunali mumng'oma, zinayamba kulowa ngati akuba, kututa uchi wa m'chumuni kupititsa kunyumba yatsopano. Zinatenga masiku 5 kapena 6. Agogo aja uchi wawo unapita momwemo. Kulowa ndi kutuluka kutatha, womanga nyumba uja anatseka mng'alu ndi simenti, ndi mipata yonse ya pansi pa malata, chifukwa fungo la phula lotsala m'kati limaitana njuchi zina chaka chamawa.

Mng'oma anaunyamula usiku, atatseka khomo lake ndi gozi yemwe uja, n'kuupititsa kumunda wa mchimwene wawo, mtunda woposa makilomita atatu. Mukausiya pafupi, njuchi zimabwerera pamalo akale. Sikelo ya mu Novembala inachitikira m'nyumba, mvula yoyamba ikugunda malata, ndipo mlangizi anatha tsiku lonse akulemba m'mabuku a ana amene anatsalira katemera. Komiti inapangana ndi bambowo kuti uchi woyamba wa mng'oma umenewu, umene akuyembekeza kufula mu Juni, udzagulitsidwe kuti agule gozi wa mawindo onse anayi.