Kanjoka, Kandege ndi Bawo ya Agogo

Pali mkangano wina umene makolo athu saumva, chifukwa suchitikira pabwalo la amfumu kapena pa msonkhano wa kusukulu. Umachitikira m'timashopu ta magemu pa Mitundu, pa khonde la ometa tsitsi pa Nathenje, ndiponso m'minibasi pamene kondakitala akuyembekeza kuti anthu adzaze. Funso lake ndi ili: kodi gemu yabwino ndi iti, yosavuta imene munthu amaidziwa m'mphindi imodzi, kapena yovuta imene imafuna miyezi kuti zala zizolowere? Akuluakulu angaseke kuti izi n'zachibwana. Koma ine ndaona ubwenzi ukuzilala chifukwa cha nkhaniyi, ndipo ndaonanso ndalama za feteleza zikuthera momwemo.

Mbali yoyamba ndi ya anyamata a PlayStation. Mudzawapeza atathithikana pa benchi, m'kachipinda ka zenera limodzi, maso ali tong'o pa kanema. Gemu yawo ndi mpira wamiyendo. Ena amakonda ija ya kampani ya EA Sports, imene idayamba mu 1993 ndi dzina lakuti FIFA ndipo kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC. Ena amakonda ya Konami, imene tinkaitcha PES isanasinthidwe dzina mu 2021 kukhala eFootball. Mayina atsopanowa kuno sadamere mizu, aliyense akuti FIFA ndi PES mpaka lero. Kachipangizo kogwira m'manja kali ndi mabatani oposa khumi ndi timitengo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu. Pali batani lopatsira mpira, lomenyera kugolo, lothamangira, ndipo ukadina awiri kapena atatu pamodzi wosewera wako amachita zina zimene mlendo sangazilote. Masewero asanayambe pamakhala msonkhano wautali wosankha osewera ndi kaimidwe kawo m'bwalo. Chiyambire pamene Gabadinho Mhango adagoletsa chigoli chapatali chija polimbana ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, aliyense amafuna kumenya mpira ali pakati pa bwalo, ndipo nthawi zambiri umapita kumitambo. Anyamatawa amanyoza magemu a pafoni. Amati ndi za ana, kapena za anthu amene mitu yawo siifuna ntchito.

A mbali inayo alibe kachipinda, alibenso phokoso, koma ndiwo ambiri. Gogo wa magemu awo ndi kanjoka kaja, Snake, kamene katswiri wa ku Finland, Taneli Armanto, adakakonzera foni ya Nokia 6110 mu 1997. Ambiri a ife tidakumana nako pa Nokia 3310 ya mu 2000 kapena pa 1100 ya mu 2003, ija ya tochi pamutu. Enanso mukukumbukira ka Brick Game ka mabatire awiri, kamene kankanama kuti kali ndi magemu 9999 pomwe onse adali amodzimodzi, mfumu yawo ili Tetris ya Alexey Pajitnov wa ku Moscow. Lero malo amenewa adatengedwa ndi Candy Crush Saga ndi Subway Surfers, onse a mu 2012, komanso Ludo King ya mu 2016. Yankho la anthu a mbali iyi ndi lalifupi: gemu si sukulu. Munthu amene watandala kudimba kuthirira tomato, kapena wapalasa kabaza tsiku lonse la msika, safuna kuti madzulo aloweze malamulo makumi atatu asanapume.

Ine ndikuganiza kuti mbali zonse ziwiri zikusokoneza zinthu ziwiri zosiyana: khomo la gemu ndi m'kati mwa nyumba yake. Pali magemu amene khomo lake ndi lotambalala koma m'kati muli zipinda zosatha. Kanjoka kali ndi malamulo awiri okha, idya chakudya ndipo usadzilume, komabe pamene ukupambana m'pamene njoka ikutalika ndipo malo akuchepa, kotero kuti mdani wako ndi kupambana kwako komwe. Tetris ili ndi mitundu isanu ndi iwiri yokha ya njerwa. Koma ija ya pa makina a Nintendo, imene idatuluka mu 1989, idakhala zaka 34 popanda munthu woifikitsa pamapeto, kufikira mu Disembala 2023 pamene mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma adaisewera mpaka makinawo adasokonezeka n'kuima. Tsono amene akunena kuti gemu yotere siifuna nzeru, aiyese kaye.

Opanga magemu adaphunzira zimenezi kalekale. Mu 1971 Nolan Bushnell ndi Ted Dabney adatulutsa gemu yotchedwa Computer Space, ya mabatani angapo ndi malangizo oyenera kuwerenga, ndipo anthu wamba sadaikonde kwenikweni. Chaka chotsatira, atayambitsa kampani ya Atari, adatulutsa Pong: kampira kamodzi, timizere tiwiri, ndi kogudubuza kamodzi kwa wosewera aliyense. Makina oyesera adawaika m'bala ina ku Sunnyvale, ndipo pasanapite nthawi adaleka kugwira ntchito. Wokonza atafika adapeza kuti sadawonongeke, koma m'kabokosi ka ndalama mudadzaza.

Sitifunikanso kupita ku America kuti timvetse. Makolo athu adali nawo kale mkangano womwewu pakati pa ntchuwa ndi bawo. Ntchuwa ana amaikumba pansi, n'kutola timiyala, ndipo dzuwa lisanapendeke wamng'ono yemwe wadziwa kusewera. Bawo ndi nkhani ina. Thabwa lake lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndi nkhomo 64, ndipo malamulo a nyumba, a kudya ndi a kutakata amazunguza mutu wa mlendo. Katswiri amawerengera m'mutu kumene dzanja lake likathere lisananyamuke, luso limene lidachititsa wofufuza wa ku Netherlands, Alexander de Voogt, kulemba buku lonse mu 1995 lonena za akatswiri a masewerowa ku Zanzibar. Choncho gemu yovuta si yachilendo kwa ife, ndipo sindiinyoza konse. Pali chimwemwe chapadera chimene munthu amachipeza pamene chinthu chomwe chidamukanika kwa miyezi itatu chayamba kumumvera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimandivuta ndi njira yolowera. Mwana wofuna bawo amaima kumbuyo kwa akuluakulu pansi pa mtengo, miyezi ndi miyezi, kuonerera kwaulere, mpaka tsiku lina wina adzamuuza kuti, "Tagwirako iwe, ndikubwera." M'kashopu ka magemu kuphunzira n'kolipira. M'malo ambiri lamulo ndi lakuti wogonja ndiye alipira ndipo wopambana akhalabe pampando. Taganizani tanthauzo lake: wophunzira ndiye amalipirira katswiri kuti apitirize kukhala katswiri. Mnyamata wochokera kumudzi wa kuseri kwa phiri la Bunda, amene wabwera ndi ndalama ya mandasi atatu, amachinyidwa zigoli zisanu ndi ziwiri anzake akuseka, n'kutuluka osabwereranso. Mawa mudzamumva akunena kuti iye amakonda magemu osavuta. Kodi wasankhadi, kapena khomo lamutsekera? Ndipo katswiri uja, ukafufuza bwino, kawirikawiri ndi amene kwawo kuli magetsi, kapena ali ndi achimwene ku Joni amene adatumiza makina.

Pajatu zokonda zathu zimaumbidwa ndi thumba komanso waya wa magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chotsika kwambiri. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023, ndipo miyezi imeneyo makanema ambiri a magemu adangokhala chete. Kafoni ka mabatani, kotchajitsa pa sola, kankasewerabe. Gemu yaikulu imafuna foni yamphamvu, malo ambiri ndi bandulo ya intaneti, pomwe yaing'ono mnzako amangokutumizira foni ndi foni mutakhala pa mlatho. N'chifukwa chake Dream League Soccer yafala chomwechi: ndi mpira ndithu, koma wa mabatani atatu, ndipo munthu amatha kuitcha timu yake Bullets, Manoma kapena Silver n'kuiveka yunifomu yake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Palinso alongo athu. Sindidaonepo atsikana ambiri m'timashopu tija, ndipo chifukwa chake si nzeru ayi. Nthawi ya mtsikana wa kwathu kuno imabwera m'zidutswa: mphindi zisanu pamzere wa pamjigo, mphindi khumi poyembekeza kuti nyemba zipse, pang'ono pa chigayo. Gemu yofuna ola lathunthu losadukiza siingakwane m'moyo wotere, koma yotha kuimitsa mayi akaitana imakwana. Anyamata amene mumaseka Candy Crush, dzifunseni kaye kuti madzi amene mudasamba m'mawa adatunga ndani.

Koma musaganize kuti chosavuta chilichonse n'chosalakwa. Gemu yosavuta kuposa zonse imene yafika pa Mitundu ndi pa Nathenje ndi kandege, imene dzina lake lenileni ndi Aviator, yopangidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019. Khomo lake n'lotambalala kuposa la ntchuwa: ika ndalama, kandege kakwere, dina batani kasanathawe. Kusiyana kwake ndi kanjoka n'kwakuti m'kati mwa nyumba iyi mulibe chipinda chilichonse. Wosewera kanjoka kwa mwezi amakhala waluso kuposa wa dzulo, koma wosewera kandege kwa chaka sadziwa chilichonse choposa wongoyamba kumene, popeza malo amene kandege kathawire amasankhidwa ndi makina mwa maere. Eni ake amanena poyera kuti gemuyi imabweza 97 pa 100 ya ndalama zonse zoikidwa. Zikumveka bwino, chikomekome cha nkhuyu. Tanthauzo lake ndi lakuti pa K100 iliyonse, K3 imatsala kwa iwo, ndipo popeza ulendo umodzi umatha m'timasekondi, ndalama yomweyo imazungulira kambirimbiri usiku umodzi, ulendo uliwonse ikupunguka. Amene amagulitsa "njira zodziwira" nthawi yothawira kandege akugulitsa mphepo.

Chodabwitsa n'chakuti pa kandege mbali ziwiri zija zimakumana. Katswiri wa FIFA amalowamo akukhulupirira kuti zala zake zachangu zimupulumutsa monga zimachitira m'kashopu. Wa Ludo amalowamo chifukwa sikafuna kuphunzira chilichonse. Ndipo nyengo imene kamakolola kwambiri ndi yomwe ife timakolola, pamene mtedza ndi soya zagulitsidwa ndipo ndalama za banja zili m'foni imodzi, foni imene amayi amapereka kwa mwana wawo kuti awaonere ngati ndalama zalowa, poti iye ndiye amadziwa mabatani.