Hatchi ya m'nkhani yanga sifika ku Karonga

Ntchito yanga ndi kulemba nkhani zopeka zotsamira pa mbiri yakale, ndipo ndimalembera konkuno ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi. Achinyamata amene anaonera filimu ya War Horse, yochokera m'buku la Michael Morpurgo la mu 1982, amandifunsa kuti, "Nanga bambo, ya hatchi ya kwathu kuno pa nkhondo ya Chiwaya mulemba liti?" Ndikulemba ndithu, koma hatchi yangayo ifera m'njira yopita ku Karonga. Ndikaisiya yamoyo ndiye kuti ndanamiza owerenga.

Hatchi zimene asilikali a ku South Africa anabwera nazo ku East Africa mu 1916 pa nkhondo ya Chiwayayi, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, zinkangotha ndi kashembe komanso nthenda ya hatchi. Katundu wa asilikali a General Edward Northey ankabwera pa sitima ya pamtunda, kudutsa pa Luchenza pompa mpaka ku Blantyre, kenako pamsewu mpaka ku Mangochi, n'kukwera sitima za panyanja. Kumene njanji ndi nyanja zathera, katunduyo ankayenda pamitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mochita kugwidwa. Choncho mwini nkhani yanga ndi mnyamata wosamala hatchi ya bwana, amene hatchiyo itafa anamusenzetsa chishalo chake pamodzi ndi bokosi la zipolopolo.

Ndisanalembe chiganizo choyamba ndimayamba ndazula tiyi m'maso mwanga. Zobiriwira zimene tikuonazi kunalibe nthawi imeneyo. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Bandanga mu 1908, Satemwa inadza mu 1923, ndipo malo ambiri anali nkhalango ndi minda ya fodya. Mlembi amene angaike amayi akuthyola tiyi phiri lonse mu 1916 wadya mfulumira. Mnyamata wanga ndi Mlomwe, makolo ake anathawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzagwera m'thangata. Za John Chilembwe, amene anadzudzula zotengera anthu akuda ku nkhondo ya azungu asanaukire mu January 1915, amangozimva monong'ona, pakuti ku Chiradzulu si kutali ndipo kapitawo ali ndi makutu.

Hatchiyo sindinaiphunzire m'buku. Ndinakakhala ndi mkulu wina wosamala hatchi pa esiteti ina, iye n'kundionetsa mmene imanjenjemeretsera khungu ntchentche ikatera, mmene imapinda makutu ikakwiya, ndi pamene pamatupa pamwamba pa maso nthenda ija ikaigwira, thovu lisanayambe kutuluka m'mphuno. Tsamba limodzi lokha la nkhaniyo ndi limene linatuluka m'macheza onsewo, koma ndi limene ndimalinyadira.

Lamulo langa ndi ili: dzina la mnyamata, mkazi amene anamusiya, matuza a kuphazi, zonsezo ndimapeka. Zaka, njira ndi mayina a malo sindikhudza. Chovuta n'chakuti mapepala a atsamunda osungidwa ku Zomba amatchula msilikali wachizungu ndi dzina, pamene amtengatenga amangowawerenga. Pakanapanda Melvin Page, amene anacheza ndi otsala a nkhondoyi m'zaka za m'ma 1970, bwenzi tikulemba zongolota.

Ngati kwanu kuli agogo amene anamva kwa bambo awo za ulendo wa mtengatenga, kapena akukumbukira nyimbo imene ankaimba posenza, khalani nawo pansi mulembe zimene akunena, ndi dzina la mudzi womwe.