Ulendo wa ku Zomba: dazi, imvi ndi jekete lobwereka

Abale anga a pa benchi mu Limbe, ku Ndirande, kwa Tsoka ku Lilongwe ndi kwina konse kumene geni ikuyenda, pali mayeso ena amene bungwe la MANEB silikonza koma amagunditsa mtima kuposa a Fomu 4. Mayeso ake ndi tsiku lokakumana ndi anzako a ku sekondale patapita zaka 10. Kumeneko kulibe pepala kapena cholembera. Amakuchonga ndi maso basi, kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo zotsatira zimatuluka usanakhale n'komwe pansi.

Masiku ano misonkhano yotereyi yachuluka chifukwa cha WhatsApp. Wina amatsegula gulupu n'kuyamba kusaka manambala a anzake. Poyamba zimakoma zedi: zithunzi zakale, nthabwala za nyemba zofumbwa, mayina achipongwe amene tinkapatsa aphunzitsi. Tsiku lina wina amaponya mawu oti, "Anzanga, tikumane tionane maso ndi maso." Pomwepo gulupu imazizira. Anthu amene ankacheza usiku wonse amasowa ngati ndalama pakati pa mwezi.

Ife amene tidalemba MSCE mu 2015 pasukulu ina m'boma la Zomba tidagwirizana zokakumana Loweruka lina mu 2025. Malo ake ku Botanical Gardens, sonkhe K15,000 aliyense. M'gulupu tidalimo anthu 58, koma olemba kuti abwera adangokwana 31.

Inu ogulitsa kaunjika nkhaniyi mukuidziwa bwino kuposa ine. Mumamudziwa kasitomala amene amafika Lachinayi madzulo akutuluka thukuta, n'kunong'ona kuti akufuna malaya "osaoneka kuti ndi a pa kaunjika". Saneneranso mtengo. Ameneyo ndiye kuti Loweruka ali ndi anzake a kusukulu. Ndipotu kutchena kwavuta. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa belo udakwera mpaka mavenda a kaunjika adakaguba ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu February 2025. Komabe munthu amalolera kukatenga katapila kuti akaoneke bwino kwa maola asanu okha. Akatenga K20,000, mwezi ukatha mwini ndalama akufuna K30,000.

Kwa ine vuto lidali kumutu. Zaka 28 zokha, koma dazi lidayamba kale kulima munda kuchokera pachipumi. Wometa wanga adaliyang'ana nati, "Bigi, apa tisanamizane, timete mpala basi." Tidameta mpala. Jekete ndidabwereka kwa alamu anga, ndipo m'mawa mwake ndidalawirira ku depoti ya Limbe.

Nditangofika, woitanira adakuwa: "Madala, Zomba iyi, mpando wakutsogolo ulipo!" Madala! Ndidacheuka kuona ngati pambuyo panga pali munthu wachikulire, koma padalibe. Musamuimbe mlandu mnyamatayo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Amalawi tidalipo 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthuwo adali ana osafika zaka 18. M'dziko lodzaza ana chonchi, ukangodutsa zaka 25 wasanduka kale "ankolo" kapena "anti", ufune usafune.

Kuchoka ku Limbe kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 60. Minibasi imadutsa Kachere, Mapanga, Njuli kumene amaphwanya miyala, kenaka Mbulumbuzi, phiri la Chiradzulu likukuyang'anani. Mukafika pa Namadzi dziwani kuti muli pafupi ndi Magomero, kumene amishoni a Bishopu Mackenzie adamanga misasa mu 1861, komanso kumene anthu a John Chilembwe adaukira atsamunda mu January 1915. Pa Thondwe amayi amathamangira mawindo ndi tomato, anyezi ndi nthochi. Mayi wina amene adakhala pambali panga adatulutsa kagalasi m'chikwama katatu konse pakati pa Njuli ndi Thondwe, akukonza wigi. Pachitatupo tidayang'anana bwinobwino. Ha! Adali mnzanga wa m'kalasi, yemwe tinkakhala naye mzere umodzi mu Fomu 3.

"Achimwene, ndinudi? Nanga tsitsi lija mudalisiya kuti?"

"Lidatsala ku Fomu 4, achemwali. Inuyo bwanji simunandipatse moni ku depoti?"

"Ndimaopa kuti mundifunsa ntchito imene ndikugwira."

Mayiyu amagulitsa tomato mu msika wa Limbe. Adandiuza kuti usiku wonse sadagone, akuyang'ana zikhatho zake zokhakhala ndi kunyamula madengu, akuganiza za anzathu amene ali m'maofesi. Adavala ndi kuvula madiresi atatu, mpaka mwamuna wake adamuuza kuti ngati sakupita abweze ndalama ya thiransipoti.

Polowa mu Zomba chimakulandirani ndi chipilala cha njerwa zofiira chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene adafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Pafupi pomwepo pali Cobbe Barracks ndi ndende yaikulu ya Zomba. Tauni imeneyi ndi nkhalamba yodziwa manyazi a kutsikiridwa. Idali likulu la dziko kuyambira nthawi ya Harry Johnston mu 1891, kufikira a Kamuzu Banda atasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975. Aphungu adapitirizabe kukumana kuno mpaka 1994, kenaka nawonso adasamuka. Nyumba zakale za boma zilipobe m'munsi mwa phiri, zina penti idasuwa, malata adachita dzimbiri. Ina mwa izo idamangidwa mu 1886 ndipo idadzasanduka Hotel Masongola.

Koma musaipeputse Zomba. Chancellor College idasamukira kuno mu 1973, ndipo lero ndiye University of Malawi. Likulu la MANEB lili konkuno, ndiye kuti mapointi onse amene amatisiyanitsa aja adatulukira m'tauni yomweyi. National Archives, kosungira makalata akale a dziko, ili kuno. Nanga msika? Inu a geni mukafika musalephere kulowamo. Mpunga wa kuchigwa cha Chilwa, matemba ndi milamba yowamba yochokera ku Kachulu, ndiwo zamasamba zongothyola kumene, mbatata ya kachewere yotsika kuphiri. Tauni idalandidwa ulemu koma chakudya sichidasamuke.

Ku Botanical Gardens, munda wa mitengo umene udayamba mu 1891 m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, tidapeza anthu ataima patalipatali ngati pa siteji ya basi. Aliyense foni m'manja, akuba mnzake ndi diso. Adaswa bata ndi mnyamata wina amene kale adali katswiri wothamanga mamita 100. Lero mimba ili patsogolo, iye pambuyo. Adaigwira ndi manja awiri nati, "Aise, musandiyang'ane chonchi, iyi ndi ngongole ya ku banki, si ubwana ayi!" Tonse tidafa nacho chiseko, ndipo moni adayamba kuyenda.

Apa mpamene ndidaona kuti aliyense adabwera ndi kake kobisa. Wina adadaya imvi usiku, utoto wakuda udakali m'makutu. Wina adavala chipewa tsiku lonse osachivula ngakhale popemphera. Wina ankaseka atatseka pakamwa chifukwa dzino lakutsogolo lidachoka. Mtsikana amene tonse tinkamulota mu Fomu 4 ali ndi ana atatu, ndipo adafika atamanga lamba wofinya mimba moti ankalephera kukhala paudzu. Woonda ankaopa kuti anthu anong'ona zoti akudwala. Wonenepa ankaopa kuti anthu amupempha ndalama. Galimoto yoyera imene idaimikidwa poonekera ija tidamva madzulo kuti ndi ya hayala, ndipo mwini wake ankaimbaimba foni kuti ibwerere isanakwane 6 koloko. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pakati pathu padali namwino, ndipo nkhani itafika pa za khungu adatikhazika pansi ngati kalasi. Dazi, adatero, limayendera mtundu ndipo kwa amuna ambiri limayamba asanafike zaka 30. Si matenda, ndipo mafuta a m'botolo ogulitsa m'misewu aja salibweza. Imvi zimabwera tsitsi likaleka kupanga utoto wake wachilengedwe, ndipo kwa ena zimafulumira potengera makolo. Utoto wakuda wodayira tsitsi umatupitsa nkhope anthu ena, choncho ndi bwino kuuyesa kaye kuseri kwa khutu masiku awiri usanadaye mutu wonse. Kwa amayi, kuluka kokoka kwambiri ndi kumata mawigi ndiko kumadya tsitsi la m'mbali mwa chipumi, ndipo ukachedwa kuleka silimeranso.

Pamene adakweza mawu mpa mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa hydroquinone, steroid kapena mercury. Milungu yoyamba munthu amawala ndithu. Pakapita nthawi khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, ziphuphu ndi mizere zimabuka, mfundo za zala zimada bii, ndipo masaya amapsa n'kuchita zigamba zakuda zovuta kuchotsa. Mercury amawononga impso, ndipo kwa mayi woyembekezera amafika mpaka kwa mwana. Paja pamsika timaseka kuti nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Tsiku limenelo palibe adaseka, chifukwa awiri mwa ife adali atayamba kudzola mwezi womwewo pokonzekera msonkhanowu. Inu amene mumaoda mafuta amenewa kukagulitsa pa benchi, imvani zimenezi. Kasitomala wanu wa lero ndi yemweyo adzakutukwaneni nkhope ikapsa.

Titadya, anyamata adati tikwere phiri wapansi kudzera njira ya Potato Path, imene alimi amatsikira ndi mbatata. Apa ndiye mayeso adasintha. Phiri la Zomba pamwamba pake penipeni limapitirira mamita 2,000, ndipo njirayi ndi chikweza chosanyengerera munthu. Nsapato zagogoda zidavulidwa tisanafike patali. Majekete adakolekedwa paphewa, langa lobwereka lija ndidalipinda bwinobwino poopa alamu. Abwana a m'maofesi adayamba kupuma ngati matayala obooka, wina n'kukhala pamwala kufunsa ngati kabaza amafika kuno. Amene adatsogola osapuma n'komwe adali mayi wa tomato uja, nsapato m'manja, wigi m'chikwama, akutikuwira kuti, "Tiyeni abwana, ine dengu la tomato ndimakwera nalo pamutu!"

Pamwamba tidapeza anyamata ogulitsa mastroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'mbale. Tidaona damu la Mulunguzi limene limamwetsa tauni yonse. Amphamvu amapitirira mpaka ku Emperor's View, malo amene adatchulidwa polemekeza mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itabwera mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, kumeneko umaona phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, ija idaphwa mu 1968 ndi 1995 koma n'kudzadzanso. Chomvetsa chisoni nchakuti nalonso phiri lamera dazi. Malo ambiri amene tili pasukulu adali paini yekhayekha lero ndi zitsa ndi udzu wopsa. Kusiyana kwake nkwakuti dazi la phiri lili ndi mankhwala, ndiwo kubzala ndi kuleka kutentha.

Tisanatsike tidawerengana. Mwa 31 olonjeza aja tidafika 22. Awiri a m'kalasi mwathu adatisiya kale, ndipo maliro a mmodzi tidawamva patatha miyezi itatu chifukwa palibe ankadziwa kumene amakhala. Mnzathu wina wogulitsa zitsulo za galimoto ku Ndirande adalemba kuti ali ku maliro. Titamuimbira adaulula kuti adafika mpaka pa depoti ya Limbe, adadziyang'ana pa windo la minibasi, n'kubwerera kunyumba. Sonkhe adali atapereka kale. Nyama yake tidadya ife.

Adaluza zambiri kuposa nyama. Tsiku lomwelo mphunzitsi wina mwa ife adapeza telala womusokera mayunifolomu a ana a sukulu yake. Mayi wa tomato adapeza oda yoperekera ndiwo kumalo odyera a mnzathu wina ku Blantyre. Wa mimba uja ali ndi lole imene imabwerera yopanda katundu kuchokera ku Ntcheu, ndipo anthu atatu adalemba nambala yake. Tidagwirizananso zoponya K2,000 pamwezi aliyense kuti wina akadwala kapena akaferedwa tisamangotumiza zithunzi za makandulo pafoni.

Tsono inu a pamsika, uthenga ukadzafika woti anzanu a ku sekondale akukumana, chapani malaya amene muli nawo, sitani bwino, polishani nsapato. Katapila musiyeni, mafuta oyeretsa asiyeni. Akakufunsani ntchito, nenani mokweza kuti muli pa geni, ndipo muwauze benchi yanu ili pati, chifukwa amene akukufunsaniyo amadya tomato ndipo amavala kaunjika. Mukasankha Zomba, nyamukani m'mawa, tengani juzi poti kuphiri kumazizira ngakhale dzuwa likuwala, ndipo musiye ndalama pang'ono yogulira mpunga ndi matemba pobwerera.

Ife tapangana kuti ulendo wotsatira tikakumana ku Liwonde, m'mbali mwa Shire. Wa ku Ndirande uja tamuuza kale kuti tidzachita kukamutenga pa shopu pake, atavala ovolosi yomweyo.